Mitanda ya Choko pa Kalendala ya Atelala

Kalata ya kusukulu inafika Lolemba masana, atelala ali pakati poika zipi pa thalauza la munthu. Anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi n'kuiwerenganso, ngati kuti mawu a m'kalata amasintha munthu akakhala. Aphunzitsi sanachulutse gaga m'diwa. Mwana wa atelala anali atajomba mayeso atatu otsatizana, mayeso amene kalasi yake inkalemba Lachisanu pakatha milungu inayi iliyonse. Akajombanso achinayi, dzina lake silidzalembedwa pa mndandanda wa olemba mayeso a kumapeto kwa chaka.

Mwanayo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Bambo akewo ankamutcha Kasingano, chifukwa anali wochepa thupi koma wakuthwa mutu, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka anzake anaiwala lenileni. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka khumi. Kuyambira pamenepo ankangokhala awiriwiri. Chipinda cha kutsogolo chinali shopu, momwe munali makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi kalendala yaikulu ya chaka chonse itapachikidwa pakhoma. Kuseri kunali tizipinda tiwiri togona ndi kakhonde kophikirapo.

Atelalawa anali munthu wokhulupirira muyeso. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti tepi sinama, ngakhale kuti iwo eni ake ankanama ndithu pa nkhani ya tsiku lodzatenga zovala, monga achitira atelala onse pansi pano. Chilichonse ankachilemba. Tsiku lililonse limene Kasingano wadandaula za m'mimba n'kusapita kusukulu, iwo ankatenga choko cholembera pansalu n'kuika mtanda pa kalendala. Atamaliza kuwerenga kalata ija anaimirira, n'kuyamba kuwerenga masiku ndi chala. Mitanda iwiri apa, patapita milungu inayi iwiri ina, patapitanso milungu inayi ina iwiri. Yonse inagwera pa Lachinayi ndi Lachisanu la mayeso. Atelala anagwedeza mutu, mtima ukuwawa, poganiza kuti agwira wabodza m'nyumba mwawo momwe.

Kasingano atabwera ku sukulu sanapatsidwe ndi mpata womwe woti atule chikwama. Bambo ake anamuimika kutsogolo kwa kalendala ija n'kumuonetsa mtanda uliwonse, ngati wapolisi amene akuonetsa katundu wakuba.

"M'mimba mumandipweteka zoona, Bambo," anatero mtsikanayo, maso ali pansi.

"M'mimba mwakomo muli wotchi? Mumadziwa bwanji kuti mawa ndi mayeso?"

Atelala anamuuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ngati pali matenda enieni awatchule dzina, apite naye kuchipatala. Koma ngati ndi mantha a mayeso, Lachisanu la sabata ya mawa akajombanso, za sukulu zithere pomwepo, adzakhala pa benchi n'kumasokerera mabatani. Kasingano analowa kuchipinda kwake.

Chimene atelala sankadziwa n'chakuti mwana wawo anali atayamba msambo chaka chapitacho. Amene anamva koyamba anali azakhali ake, amene anabwera kudzacheza masiku awiri okha. Azakhaliwo anamusiyira malamulo atatu. Zimenezi sauza mwamuna, ngakhale bambo ako. Mapiritsi usamwe, amaumitsa chiberekero. Mkazi amapirira. Atanena zimenezi anakwera basi n'kumapita kwawo, kupirirako n'kumusiyira mwana yekha. Ndiye tsiku likafika, Kasingano ankatola chidutswa cha nsalu pansi pa tebulo, n'kudzimanga nacho m'chiuno mwamphamvu, n'kugona chopinda miyendo, osadya kanthu tsiku lonse. Ululu unkayambira m'munsi mwa mchombo, n'kuzungulira kumsana, n'kutsikira m'ntchafu, ndipo nthawi zina ankachita kusanza. Mayeso ankawakonda, ndipo ankalira akamva anzake akudutsa pamsewu.

Lachitatu masana kunabwera anamwino a pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Anali mayi wojintcha, woseka ndi thupi lonse, ndipo aka kanali kachitatu kubwera kudzatenga yunifomu yawo yoyera imene anasiya kuti iwonjezedwe m'chiuno. Atelala atangotsegula pakamwa kuti anene zoti abwere mawa, anamwinowo anakoka mpando n'kukhala. Anati mawa a atelala anawamva kokwanira, lero achoka ndi diresi lawo ngakhale atadikira mpaka dzuwa kulowa. Atelala anaseka chamanyazi, anafukula diresilo pansi pa mulu wa zovala, n'kuyamba kupalasa makina.

Munthu wodikira maso ake sakhala malo amodzi. Anamwino anayang'ana ulusi, anayang'ana zithunzi za masitayilo, kenako maso anakagwera pa kalendala. Anafunsa mwanthabwala ngati mitandayo inali ya masiku amene atelala ananenapo zoona. Atelala, poti nkhaniyo inali itawadzaza pamtima, anaikhuthula yonse: kalata, mayeso, ndi bodza la m'mimba. Anafotokoza monyadira pang'ono mmene anawerengera masiku mpaka kumugwira mwanayo.

Anamwino anasiya kuseka. Anaimirira, nawonso n'kuwerenga masiku aja ndi chala. Anafunsa zaka za mtsikanayo, anafunsanso ngati panyumbapo pali munthu wamkazi amene amacheza naye. Atelala anayankha kuti palibe.

"Atelala," anatero anamwino mofatsa, "kuyeza mwayeza bwino, koma mwadula polakwika. Masiku awa si a mayeso. Awa ndi masiku a msambo. Mwana wanu wakula."

Makina anaima. Atelala anayang'ana kalendala, anayang'ana anamwino. Anakumbukira zidutswa za nsalu zimene zinkasowa pansi pa tebulo, iwo n'kumanamizira makoswe. Anakumbukira nkhope ya mwana wawo itatuwa, thukuta lili pamphumi, iwo n'kumati wadziwa kuchita sewero. Manyazi anawagwira, ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera chisoni. Kenako anangoti zimenezo ndi za azimayi, iwo ngati mwamuna sangazilowerere.

"M'nyumba muno bambo ndinu, mayi ndinunso," anatero anamwino. "Mukazithawa inu, atsala ndi ndani?"

Anamwino sanachoke ngakhale diresi lawo litatha. Anadikira mpaka Kasingano atabwera, anamupatsa moni ngati munthu wamkulu, n'kumupempha kuti akacheze awiri pakhonde la kuseri. Atelala anatsala m'shopu akusita malaya amodzi omwewo kangapo konse. Poyamba ankangomva mawu a anamwino okha. Kenako anamva kulira, ndipo patapita nthawi anamva chinthu chimene anali asanachimve kwa masiku ambiri, kuseka kwa mwana wawo. Pambuyo pake anamwino anasuzumira pakhomo n'kunena kuti mwini nkhani wavomera kuti bambo ake amve nawo.

Atelala anakhala pa kampando, manja ali pamaondo ngati mwana wa sukulu. Anamwino anafotokoza kuti chiberekero ndi mnofu, ndipo pa nthawi ya msambo chimadzifinya kuti chitulutse magazi. Kudzifinyako ndi kumene kumapweteka. Atsikana ambiri zimawachitikira, makamaka tsiku loyamba ndi lachiwiri, ena pang'ono, ena mpaka kulephera kuimirira. Si ulesi, si tsoka, ndiponso si chilango. Anati kudzimanga nsalu m'chiuno ndi kudzimana chakudya sikuthandiza, kumangomufooketsa munthu.

Kenako ananena zoyenera kuchita. Choyamba ndi kufunditsa pamimba, m'munsi mwa mchombo kapena kumsana. Atha kugwiritsa ntchito botolo lolimba lotseka bwino, lothiramo madzi ofunda osati owira, atalikulunga m'nsalu kuti lisawotche khungu. Atelala anafunsa mwamantha ngati thaulo lofunditsidwa ndi simbi lingagwire ntchito yomweyo. Anamwino anati lingagwire bwino lomwe, bola aliyese kaye pa mkono, ndipo anawonjezera kuti aka kanali koyamba kumva telala akufunsa funso lanzeru. Kasingano anabisa kuseka m'manja.

Anati kusamba madzi ofunda kumathandiza, kusisita pamimba pang'onopang'ono kumathandizanso. Azimwa madzi okwanira, azidya ngakhale pang'ono, azigona mokwanira. Ndipo ululu ukalola asamangogona chopinda tsiku lonse, aziyenda pang'ono ndi kudziwongola, chifukwa thupi likamayenda ululu umachepa.

Atafika pa mapiritsi, Kasingano anadzutsa mutu.

"Azakhali anati ndikamwa sindidzabereka."

"Azakhali ako amakukonda, mwanangu, koma apa anaphonya. Mankhwala opha ululu satseka mimba ya munthu. Ine ndinamwa, ndipo kwathu kuli ana anayi amene akundimaliza shuga."

Anamwino anati chachikulu ndi kamwedwe kake. Mapiritsi opha ululu otchedwa bufeni amagwira bwino ntchito akamwedwa msanga, ululu kapena magazi zikangoyamba, osati kudikira mpaka munthu afike pogubuduzika. Amwedwe munthu atadya, ndiponso pa mlingo umene achipatala anena, osawonjezera poganiza kuti awiri aposa mmodzi. Amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena mphumu ayambe wafunsa kuchipatala, chifukwa ena amayenera panado m'malo mwake. Asipirini asapatsidwe kwa mwana wa msinkhu wa Kasingano. N'chifukwa chake anati abwere kuchipatala mawa lake, amufunse bwinobwino ndi kumupatsa zomuyenera, m'malo momangotola mapiritsi kwa anzake.

Pomaliza anawachenjeza onse awiri kuti pali zizindikiro zosafunika kuzengereza nazo. Ululu ukapanda kumva mankhwala, magazi akachuluka mpaka kusintha padi kapena kansalu ola lililonse, msambo ukapitirira sabata, akakomoka, thupi likatentha, kukamatuluka zonunkha, kapena m'mimba mukamapweteka ngakhale masiku amene sali kumwezi, athamangire kuchipatala. Anauza Kasingano kuti azilemba yekha masiku ake m'kabuku, kuti asamadzidzimuke, koma adziwe kuti pa msinkhu wake masikuwo amatha kusuntha.

Anamwino anatsanzika n'kumapita. Atelala anazungulirazungulira, anasuntha sizasi, anaibwezeranso pomwe inali. Kupepesa kwa mwana wobereka wekha si ntchito yapafupi. Koma anadzilimbitsa mtima, anakhala pafupi naye, n'kunena kuti analakwa, anamuweruza asanafunse, ndipo safunsa anadya phula.

"M'mimba munkapweteka masiku awiri okha, Bambo," anatero Kasingano. "Koma zoti ndine wabodza zinkandipweteka mwezi wonse."

Atelala anangoti, "Pepa, mwanangu," ndipo misozi sanaibise.

Mawa lake anatseka shopu m'mawa, n'kumuperekeza kuchipatala. Anakhala pa benchi pakati pa azimayi obereka ana kumbuyo, mwamuna yekhayekha, chipewa chili m'manja. Mayi wina anawafunsa ngati asochera, iwo anayankha kuti anasochera kale, lero ndiye apeza njira. Kasingano anatuluka ndi kapepala ka mapiritsi kolembedwa kamwedwe kake. Atafika kunyumba atelala anayamba ntchito imene ankaidziwa. Anamasula lamba wolimba wa siketi ya yunifomu n'kuikamo lastiki yofewa. Anasoka kathumba ka nsalu yokhuthala kolowetsamo botolo. M'kati mwa chikwama cha sukulu anasokereramo kathumba kena ka zipi, kosungiramo mapadi ndi mapiritsi, ndipo zonsezi anazimaliza tsiku lomwelo, zimene makasitomala awo sakanakhulupirira.

Anapitanso kusukulu, atapempha kaye chilolezo kwa mwini nkhani. Aphunzitsi a kalasiyo anali bambo wa imvi za m'mbali, wokhwimitsa malamulo. Anamvetsera, anakanda mutu, kenako anatsegula buku la mayina n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anati muli atsikana ena atatu amene amasowa masiku awiri mwezi uliwonse, ndipo onsewo iwo anali atawaika m'gulu la alesi. Lamulo la mayeso sakanatha kulisintha okha, koma analonjeza kuti Kasingano adzakhala pafupi ndi khomo, ndipo akafuna kutuluka sadzafunsidwa mafunso pamaso pa anzake. Anathokoza atelala, n'kunena kuti apempha anamwino aja adzalankhule ndi kalasi yonse.

Sabata ya mayeso inafika. Lachinayi linadutsa popanda kanthu, ndipo atelala anayamba kuganiza kuti mwina mwezi uno ziwadumpha. Koma Lachisanu m'mawa, akuyatsa simbi, anamva mawu kuchipinda.

"Bambo, zayamba."

Mawu awiri okhawo anawasangalatsa ndi kuwaopsa nthawi imodzi. Anasangalala chifukwa mwana wawo wawauza, anaopa chifukwa mayeso ankayamba pasanathe maola awiri. Anamupatsa tiyi ndi buledi, ndipo ngakhale ankakana anamunyengerera mpaka anadya. Anamwa piritsi monga analembera achipatala. Atelala anafunditsa thaulo ndi simbi, analiyesa pa mkono, n'kumupatsira pakhomo. Likazirala ankalifunditsanso, uku madzi osamba akufunda pamoto.

Ananyamuka onse awiri, botolo lofunda lili m'chikwama, akuyenda pang'onopang'ono. Atadutsa pa sitolo ya zitsulo ululu unamugwira mwamphamvu. Kasingano anakhala pa kakhoma ka m'mbali mwa msewu atapinda msana, milomo itauma, n'kunena kuti sakwanitsa. Ana a sukulu ankadutsa mothamanga. Atelala anayang'ana wotchi, ndipo mawu akale aja akuti dzuka usandichititse manyazi anafika mpaka pakhosi. Anawameza. Anatulutsa botolo lija n'kumupatsa kuti aligwirize pamimba, anaima momutchinga kwa anthu odutsa, n'kumuuza kuti apume mokoka mpweya, mankhwala sagwira nthawi yomweyo. Anamuuzanso kuti zikakanika abwerera limodzi, apita kuchipatala, ndipo palibe amene amutche dzina loipa.

Anakhala pamenepo mphindi khumi zimene kwa atelala zinatalika ngati tsiku. Kenako mtsikanayo anawongoka pang'ono, anapukuta nkhope, n'kunena kuti kwayamba kuchepa. Anaimirira yekha. Analowa pa geti belu likulira, ndipo sanacheuke, chifukwa mtsikana wa msinkhu umenewo safuna anzake aone kuti waperekezedwa ndi bambo ake.

Tsiku limenelo atelala anasoka kolala chozondoka kawiri konse. Masana Kasingano anabwera ali wotopa koma nkhope ili yowala. Anati ululu sunatheretu, unkabwera n'kumapita, koma unali woti munthu n'kuganiza nawo masamu. Anatuluka kamodzi, ndipo aphunzitsi anangoyang'ana kumbali. Mafunso onse anayankha kupatula limodzi, limene anati ngakhale wopanda m'mimba silikanamuyendera.

Atelala anavala jekete lawo labwino n'kupita kuchipatala kukathokoza anamwino aja. Anadikira pa mzere ngati wodwala, ndipo atalowa ananena kuti alibe matenda, angobwera kudzanena kuti zikomo. Anati pakanapanda anamwinowo akanamutulutsa sukulu mwana wosalakwa, n'kumadzitama kuti ndi bambo wolanga bwino. Anamwino anaseka n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anawakumbutsa kuti aone mmene ziyendere miyezi itatu, ndipo ngati ululu uzimulepheretsabe kupita kusukulu abwere nayenso, chifukwa thandizo lina lilipo.

Patapita sabata ziwiri mndandanda unaikidwa pakhoma la sukulu. Kasingano anafika kunyumba akupuma mwawefuwefu, n'kuima kutsogolo kwa makina mpaka bambo ake anasiya kupalasa.

"Dzina langa lilipo, Bambo. Ndiye mundimasulire mpendero wa siketiyi, yayamba kufupika. Ndiivalabe nthawi yaitali."

Atelala anatenga siketiyo madzulo omwewo, ntchito za anthu zili mulu pambali. Ankamasula ulusi pang'onopang'ono, mtima uli wodzaza ndi kuthokoza, chifukwa mwana wawo anali akadali pasukulu ndipo tsopano ankawauza zakukhosi.

Makolo ndi aphunzitsi, mtsikana akamadandaula za m'mimba mwezi ndi mwezi, yambani mwamukhulupirira, kenako mufunseni mofatsa. Kupweteka kwa msambo ndi kwenikweni, ndipo kuli ndi thandizo: kufunditsa pamimba, kudya ndi kumwa madzi, kuyenda pang'ono, ndi mankhwala oyenera omwedwa msanga motsatira malangizo a achipatala. Ululu ukapitirira muyeso, pitani naye kuchipatala. Ndipo iwe mtsikana, usavutike wekha kuseri kwa chitseko. Uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira, ngakhale atakhala bambo ako, chifukwa masiku awiri a mwezi sayenera kukulanda sukulu.